Matumbo a Wosewera: Zimene Ma Probiotic Angachite ndi Zimene Sangachite



Inu makochi, madokotala a matimu ndi osewera mwandipempha kuti ndilankhule za ma probiotic chifukwa mabotolo ake ayamba kufika m'makampu athu. Ena akubwera ndi achibale ochokera ku Johannesburg, ena akutsatsidwa pa foni ndi anthu olonjeza kuti wosewera akamwa sadzatopanso. Kochi akafunsidwa ndi wosewera wake ngati agule kapena ayi, amasowa choyankha. Ine yankho langa ndilipereka poyambirira pomwe, kuti pamene ndikufotokoza muzilipima nokha. Ma probiotic sawonjezera liwiro ndipo sakulitsa minofu. Chimene ena mwa iwo amachita, ndipo ndanena kuti ena, ndi kuchepetsa masiku amene wosewera amagona ndi chimfine kapena kuvutika ndi m'mimba. Phindu limeneli limaoneka laling'ono mukaliyang'ana pa tsiku limodzi, koma pa chaka chathunthu cha zokonzekera likhoza kusiyanitsa amene wasankhidwa mu timu ndi amene watsala pakhomo.

Tiyambe ndi mimba, popeza nkhani yonse yagona pamenepo. Munthu akakhala phee, magazi ambiri amapita ku matumbo ndi ku chiwindi kukatenga chakudya chimene chagayidwa. Akayamba kuthamanga mwamphamvu, thupi limawakhotetsa magaziwo n'kuwatumiza ku miyendo, ku mtima ndi ku khungu kuti lizizire. Magazi opita ku matumbo amatha kuchepa ndi magawo 80 pa 100 alionse. Tsono khoma la matumbo ndi lopyapyala zedi. Ndi mzere umodzi wokha wa maselo ogwirana, ndipo mzere umenewu ndi umene umalekanitsa magazi athu ndi zonse zimene zili m'matumbomo. Ukasowa magazi kwa ola limodzi kapena awiri, thupi n'kukhalanso litatentha, molumikizana maselo muja mumayamba kumasuka. Tizidutswa ta mabakiteriya timene timayenera kukhala m'matumbo timawolokera m'magazi, ndipo thupi limadzidzimuka ngati lalowedwa ndi matenda. Wothamanga amamva nseru, m'mimba mumapotokola, mimba imafufuma, ena amatsekula kumene, ndipo alipo amene amaona magazi m'chimbudzi pambuyo pa mpikisano wautali. Akatswiri amene anaunika kafukufuku wambiri pa nkhaniyi amati mwa othamanga mtunda wautali 100 alionse, pakati pa 30 ndi 50 amakumana ndi vuto la m'mimba, ndipo pa mipikisano yaitali kwambiri chiwerengerocho chimatha kufika cha m'ma 90.

Zimenezi si za kunja kokha. Ganizirani timu imene yayenda usiku wonse pa basi kupita ku Karonga, n'kukasewera masana a mwezi wa Okutobala, osewera atadya zogula m'njira ndiponso atamwa madzi ochepa poopa kuimitsaimitsa basi. Ganizirani wothamanga wa Porters Race akukwera phiri la Mulanje. Matumbo awo akukumana ndi zomwezi, kungoti ambiri sanena. Mnyamata amaulula msanga kuti bondo likupweteka, koma kuti wathamangira kuchimbudzi katatu mpira usanayambe amabisa, ndipo mtsikana amabisa koposa ngati kochi ndi dokotala onse ali abambo. Pali chinanso chimene ndikupemphani kuti muchisiye lero lomwe: kumwa brufen kapena diclofenac mpikisano usanayambe pofuna kupewa ululu. Mankhwala amenewa amawonjezera kuvulala kwa khoma la matumbo pa nthawi imene lafooka kale, ndipo munthu akakhala kuti madzi amuthera m'thupi amalemetsanso impso. Palibe botolo la probiotic limene lingakonze zimene chizolowezi chimenechi chikuwononga.

Vuto lachiwiri ndi chimfine, chifuwa ndi zilonda zapakhosi. Umboni woyamba wodziwika bwino unachokera kufupi ndi kwathu kuno. Mu 1983, Peters ndi Bateman anafalitsa zimene anapeza pa othamanga a mpikisano wa Two Oceans wa makilomita 56 ku Cape Town. M'masabata awiri otsatira mpikisanowo, othamanga 33 pa 100 alionse anadandaula za chimfine kapena pakhosi, pamene mwa anthu amene sanathamange anali 15 okha, ndipo amene anathamanga mwaliwiro kwambiri ndi amene anadwala kwambiri. David Nieman anapeza zofanana pa marathon ya ku Los Angeles ya 1987: mwa amene anathamanga, pafupifupi 13 pa 100 anadwala sabata yotsatira, koma mwa amene anakonzekera n'kulephera kupita ku mpikisanowo anali 2 okha. Kwa zaka zambiri anthu anamasulira kuti kulimbitsa thupi mopitirira kumagwetsa chitetezo cha m'thupi kwa maola angapo. Mu 2018, John Campbell ndi James Turner a ku yunivesite ya Bath anatsutsa zimenezi. Iwo anati chitetezo sichigwa, koma othamanga amadwala chifukwa chodzazana ndi anthu masauzande, kusagona mokwanira, nkhawa ndi maulendo. Mtsutsowu sunathe. Kwa kochi, mbali iliyonse imene ingapambane, wosewera amadwalabe.

Za maulendozi pali umboni wabwino. Martin Schwellnus ndi anzake anatsatira osewera rugby mu mpikisano wa Super 14 wa 2010, umene matimu ankauluka pakati pa South Africa, Australia ndi New Zealand. Timu ikapita kudziko losiyana nthawi ndi kwawo ndi maola oposa 5, matenda ankachuluka kawiri kapena katatu, ndipo ikabwerera kwawo ankatsikanso. Ulendo wa pandege unali wofanana popita ndi pobwera, choncho chimene chinkadwalitsa ndi malo achilendo, chakudya chachilendo ndi tizilombo tachilendo.

Mwina wina akuti chimfine n'chiyani, si matenda ogoneka munthu m'chipatala. Ku Australia, Raysmith ndi Drew anatsatira akatswiri a masewero othamanga ndi kudumpha kwa zaka 5, ndipo mu 2016 anafalitsa kuti amene anakwanitsa zoposa magawo 80 pa 100 a masabata awo a zokonzekera anali ndi mwayi wochuluka ka 7 wofika pa mlingo umene anadziikira, poyerekeza ndi amene anadukizadukiza chifukwa cha matenda kapena kuvulala. Masiku anayi apa, sabata imodzi apo, ndiye chaka chatha. Malo a ma probiotic m'masewero ndi amenewa, oteteza masiku a zokonzekera.

Tsopano, ma probiotic n'chiyani? M'thupi mwa munthu wamkulu muli mabakiteriya pafupifupi 38 thiriliyoni, ambiri mwa iwo m'matumbo aakulu, ndipo onse pamodzi amalemera magalamu pafupifupi 200. Ambiri si adani. Amagaya zotsala za chakudya zimene ife sitingathe kugaya, amapanga mavitamini ena, ndipo amaphunzitsa chitetezo chathu kusiyanitsa mdani ndi mnansi, pakuti gawo lalikulu la maselo a chitetezo limakhala m'mbali mwa matumbo momwemo. Ganizo loti munthu angathe kumwa tizilombo tamoyo kuti timuthandize linatchuka ndi Élie Metchnikoff wa ku Pasteur Institute ku Paris, amene mu 1907 analemba kuti alimi a ku Bulgaria amakhala ndi moyo wautali chifukwa cha mkaka wosasa. Mu 1930 Minoru Shirota wa ku Japan anapatula mtundu wa bakiteriya umene pambuyo pake unakhala chakumwa cha Yakult. Koma tanthauzo limene akatswiri amagwiritsa ntchito lero linakhazikitsidwa mu 2001 pa msonkhano wa FAO ndi WHO ku Córdoba, m'dziko la Argentina, ndipo lili ndi mfundo zitatu: tizilomboto tikhale tamoyo pa nthawi imene tikumwedwa, tikhale tochuluka mokwanira, ndipo pakhale umboni woti timathandizadi thanzi la womwayo. Mfundo imodzi ikasowa, chinthucho si probiotic, ngakhale pa botolo atalemba ndi zilembo zazikulu.

Mfundo yachitatuyo ndi imene ogulitsa sakonda, chifukwa umboni umakhala wa mtundu umodzi wa bakiteriya, osati wa onse. Dzina lakuti Lactobacillus ndi la gulu lalikulu. Mpaka pamene mayina anasinthidwa mu 2020, pansi pake panali mitundu monga rhamnosus, casei ndi fermentum, ndipo pansi pa mtundu uliwonse pali timagulu tina todziwika ndi zilembo kapena manambala, monga GG kapena Shirota. Zimene zapezeka pa Lactobacillus casei Shirota sizikutiuza kanthu za casei wina wa m'botolo lopanda zilembo zimenezo.

Tione tsono zimene zinayesedwa pa osewera enieni. Ku Australian Institute of Sport ku Canberra, Cox ndi anzake anatenga akatswiri 20 othamanga mtunda wautali, onse amuna, m'nyengo yozizira. Aliyense anamwa Lactobacillus fermentum kwa nthawi ina, ndipo nthawi ina anamwa makapisozi ofanana nawo maonekedwe koma opanda bakiteriya, osadziwa kuti akumwa ati. Zotsatira zinatuluka mu 2010. Masiku onse odwala chimfine ndi chifuwa anali 30 pa nthawi ya probiotic, ndi 72 pa nthawi ya makapisozi opanda kanthu. Liwiro lawo silinasinthe. Chaka chotsatira, Michael Gleeson wa ku yunivesite ya Loughborough ku England anafalitsa za osewera 84 amene anamwa Lactobacillus casei Shirota kapena chakumwa chongofanana nacho kwa masabata 16. Omwa probiotic anagwidwa ndi chimfine pafupifupi theka la mmene anzawo anagwidwira, ndipo m'malovu mwawo chitetezo chotchedwa IgA, chimene chimatchinga tizilombo pakamwa ndi pakhosi, sichinatsike monga chinatsikira mwa anzawo.

Ndikanaima pamenepa mukanatuluka muno kukagula. Koma Gleeson yemweyo anabwereza kafukufukuyu ndi osewera 243 kwa masabata 20, ndipo mu 2016 ananena kuti chimfine sichinasiyane pakati pa magulu awiriwo. Chaka chimenecho odwala anali ochepa mbali zonse, zimene zikusonyeza kuti probiotic amaonetsa phindu pamene pali vuto loti achepetse. Ndipo pali kafukufuku wina amene ndikufuna makochi a netball ndi a mpira wa amayi amumvetsere. West ndi anzake ku Australia anayesa Lactobacillus fermentum pa opalasa njinga 99 kwa masabata 11. Mwa amuna matenda a chifuwa anachepa. Mwa akazi sanachepe. Kafukufuku wambiri wa masewero wachitika pa amuna, pamene ife kuno mbiri yathu yaikulu kunja yabwera ndi ma Queens, ma Scorchers, Tabitha ndi Temwa Chawinga. Si bwino kutenga zopezeka pa anyamata 20 a ku Canberra n'kuziika pa atsikana athu ngati kuti nkhani inatha.

Za m'mimba, kafukufuku amene ndimamuona wothandiza ndi wa Pugh ndi anzake a ku Liverpool John Moores University, wa 2019. Othamanga 24 anamwa probiotic wa mitundu inayi kapena makapisozi opanda kanthu kwa masiku 28, kenako anathamanga marathon ya makilomita 42. Kumayambiriro kwa mpikisano magulu awiriwo sanasiyane. Kusiyana kunaoneka m'gawo lomaliza, pamene matumbo amakhala atatopa: omwa probiotic anavutika pang'ono ndi m'mimba poyerekeza ndi anzawo. Nthawi yomalizira mpikisano sinasiyane mokwanira kuti munthu anene kuti probiotic anawathamangitsa.

Komiti ya Olympic ya dziko lonse itasonkhanitsa akatswiri kuti aunike zakudya ndi mankhwala owonjezera amene osewera amamwa, chikalata chawo cha 2018 chinati umboni wa ma probiotic pochepetsa chimfine ndi wapakatikati, pa mlingo wa mabakiteriya amoyo pafupifupi mabiliyoni 10 pa tsiku. Ine ndikugwirizana nawo. Magulu oyesedwa ndi aang'ono, nthawi zambiri osewera amangonena okha kuti adwala popanda kuyezedwa, ndipo kafukufuku wambiri amalipiridwa ndi makampani opanga zinthuzo. Komabe zotsatira zambiri zaloza mbali imodzi, ndipo zimenezo si zonyozeka.

Nanga ma probiotic amagwira bwanji ntchito? Amalimbirana malo ndi chakudya ndi tizilombo toyambitsa matenda, amatulutsa asidi amene tizilombo toipa sitimukonda, amathandiza molumikizana maselo a khoma lija kuti mugwirane, ndipo amakhudzana ndi maselo a chitetezo amene kenako amayenda m'thupi lonse mpaka kukafika pakhosi ndi m'mphuno. Koma sakhazikika. Ali ngati aganyu m'munda: amabwera, amagwira ntchito tsiku limene mwawaitana, ndipo mukasiya kuwaitana amapita, munda n'kutsala ndi eni ake. Munthu akasiya kumwa, pakangopita sabata imodzi kapena awiri mabakiteriya aja sapezekanso. Ofufuza a ku Weizmann Institute ku Israel anaonetsa mu 2018 kuti mwa anthu ena amakakamira pa khoma la matumbo kwa kanthawi, pamene mwa ena amangodutsa. N'chifukwa chake osewera awiri a timu imodzi, omwa botolo limodzi, wina amaona kusintha, wina ayi, ndipo palibe amene akunama.

Nkhani ya liwiro ndiidutse mwachidule, chifukwa ogulitsa amaikonda. Mu 2019 ofufuza a ku Harvard anafalitsa kuti m'chimbudzi cha othamanga a Boston Marathon ya 2015 bakiteriya wotchedwa Veillonella anachuluka mpikisano utatha. Bakiteriyayu amadya lactate, amene minofu imatulutsa ikamagwira ntchito yolemetsa. Atamupereka kwa mbewa za mu labotale, mbewazo zinathamanga nthawi yotalikirapo ndi magawo 13 pa 100. Ndi kafukufuku wosangalatsa, koma anathamanga ndi mbewa. Wina akakuuzani za magawo 13 amenewo, mufunseni kuti anayeza ndani.

Ndibwere kwathu. Mu 2012 gulu la Jeffrey Gordon la ku Washington University ku St. Louis linafalitsa kafukufuku woyerekeza mabakiteriya a m'matumbo a anthu 531 ochokera kumidzi ya ku Malawi, kumidzi ya ku Amazon ya Venezuela, ndi m'mizinda ya ku United States. Akuluakulu a ku America ndi amene anapezeka ndi mitundu yochepa kwambiri ya mabakiteriya, ndipo a kumidzi kwathu kuno anali ndi yambiri. Sindikunena kuti umphawi ndi thanzi, pakuti m'midzi yomweyo ana amanyentchera ndipo amatsekula m'mimba chifukwa cha madzi oipa. Chimene ndikunena n'chakuti chakudya chathu cha makolo chimadyetsa bwino mabakiteriya okhazikika aja. Nsima ya mgaiwa, nyemba, nandolo, khobwe, mbatata, nthochi, nkhwani, bonongwe, chisoso, therere ndi malambe zili ndi zotsalira zimene matumbo aang'ono sagaya. Zikafika m'matumbo aakulu mabakiteriya amazisandutsa asidi wina wotchedwa butyrate, amene ndi chakudya chenicheni cha maselo a khoma la matumbo. Zimandipweteka mtima kuona mnyamata wochokera kumudzi akangosaina ku timu ya m'tauni akusiya zonsezi n'kuyamba kukhalira tchipisi, buledi woyera ndi zakumwa zotsekemera, poganiza kuti ndiko kutukuka, kenako n'kuwononga alawansi yake pa botolo loti libweze zimene wataya. Chenjezo limodzi lokha: tsiku loti mawa ndi mpikisano, ndi m'mawa wa tsikulo, nyemba ndi ndiwo zamasamba zichepe, chifukwa zimadzaza mimba ndi mpweya. Malo ake ndi masiku a zokonzekera.

Nanga chambiko, thobwa, mahewu, kapena mabisi ndi munkoyo wa abale athu a ku Zambia? Funso limeneli ndimalandira kulikonse. Ku Kenya, akatswiri othamanga a mtundu wa Kalenjin akabwera ndi mendulo amalandiridwa pa bwalo la ndege ndi chipanda cha mursik, mkaka wosasa wa kwawo. Sindinganene kuti mursik ndi amene amawapambanitsa, popeza pali mapiri, pali kulimbikira, pali mwambo wa kuthamanga. Koma zakudya zosasa zili ndi umboni wake. Ku Stanford mu 2021, akuluakulu 36 anagawidwa pawiri kwa masabata 10, ndipo amene anadya zakudya zosasa zambiri monga yogati, kefir ndi kimchi anapezeka kuti mitundu ya mabakiteriya a m'matumbo mwawo yachuluka, ndipo zizindikiro 19 za kutupa m'magazi zatsika. Sanali osewera, koma zotsatirazo n'zolimbikitsa. Chambiko chili ndi mabakiteriya osasitsa mkaka, ndipo pamwamba pa apo chili ndi zomanga thupi ndi kashiamu, zimene wosewera amafuna akamaliza pulakatisi. Thobwa limabweza mphamvu ndi madzi. Longophika kumene mabakiteriya ake amakhala atafa ndi moto, logona n'kuyamba kusasa limakhala nawo amoyo, ndipo likagonetsa limasanduka mowa.

Mwa tanthauzo la 2001 lija, zakudya zimenezi sitingazitche ma probiotic, chifukwa mitundu ndi kuchuluka kwa mabakiteriya ake zimasintha malinga ndi nyumba ndi nyengo, ndipo sizinayesedwe pa osewera monga anayesera Shirota. Koma ngati ndalama ndi zochepa, ndipo kwa matimu athu ambiri ndi zochepadi, ine ndingasankhe kapu ya chambiko tsiku lililonse kwa timu yonse kusiyana ndi botolo la makapisozi kwa osewera atatu. Mkakawo ukhale wowiritsa usanasase, kapena wa m'paketi wochokera ku fakitale, chifukwa mkaka wosawiritsa umatha kufalitsa chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndi matenda ena. Thobwa la m'botolo lotoleza, logulidwa pa siteji, lotsukidwa ndi madzi osadziwika, si la wosewera amene ali ndi mpira mawa.

Pamenepa ndafika pa chinthu chimene chimaposa probiotic aliyense. Mu Ogasiti 2017, pa mpikisano wa dziko lonse wa othamanga ku London, matenda osanza ndi kutsekula m'mimba a norovirus anabuka pakati pa osewera. Isaac Makwala wa ku Botswana, amene ambiri ankayembekezera kuti atenga mendulo pa mamita 400, analetsedwa kulowa m'bwalo pa tsiku la fainolo chifukwa madokotala anamuika pa gulu la odwala. Pambuyo pake anamulola kuthamanga yekhayekha mamita 200 kuti apeze malo, koma fainolo ya 400 inali itapita. Zaka za kukonzekera zinathera pamenepo. Norovirus amafala ndi manja, ndipo mankhwala opaka m'manja aja samupha bwino. Chimene chimamuchotsa ndi sopo ndi madzi oyenda. Ife amene tinaona kolera ya 2022 ndi 2023 ikutenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno sitifunika kuuzidwa zambiri. Botolo la madzi limodzi lozungulira timu yonse pa nthawi yopuma, madzi a m'chidebe chopanda chivundikiro, beseni limodzi losambamo m'manja anthu 25 asanadye: timu imene ikuchita zimenezi isayambe yaganiza za makapisozi. Wosewera aliyense akhale ndi botolo lake, madzi akhale owiritsa kapena othira klorini, ndipo m'chikwama cha dokotala musasowe ORS.

Kwa timu imene yakonza zonsezi ndipo ikufuna kuyesa probiotic, makamaka pokonzekera ulendo wa kunja kapena nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, nazi zoyenera kuyang'ana. Pa botolo palembedwe dzina lonse la bakiteriya mpaka zilembo kapena manambala a kumapeto. Palembedwe kuchuluka kwake, kumene amalemba kuti CFU, ndipo chiwerengerocho chikhale cha tsiku lothera ntchito, osati cha tsiku lopangira, chifukwa mabakiteriya amafa pang'onopang'ono ali m'botolo momwemo. Ena amafuna furiji. Ndi kuzimazima kwa magetsi, komanso katundu woyenda masiku angapo m'basi yotentha kuchokera ku Johannesburg, mukhoza kugula mabakiteriya akufa pa mtengo wa amoyo, choncho kwathu kuno ndi bwino kusankha amene anapangidwa kuti apirire kunja kwa furiji. Muyambe masabata awiri kapena kuposerapo ulendo usanafike, muzimwa tsiku lililonse, ndipo musayambe chinthu chatsopano sabata ya mpikisano, popeza masiku oyamba ena mimba imafufuma ndi mpweya.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mankhwala oletsedwa. Bakiteriya payekha sali pa mndandanda wa mankhwala oletsedwa wa bungwe la WADA, koma botolo likhoza kukhala ndi zina zimene sizinalembedwe. Labotale ya ku Cologne ku Germany inayeza zakudya zowonjezera 634 zogulidwa m'mayiko 13, ndipo mu 2004 inafalitsa kuti 94 mwa izo zinali ndi mankhwala okulitsa minofu osalembedwa pa chikuto. Lamulo la masewero limati chopezeka m'thupi mwako ndi mlandu wako, kaya unadziwa kaya sunadziwe, ndipo chilango chimatha kufika zaka 4. Wosewera amene angayezedwe agule zokhazo zimene zinayezedwa ndi bungwe loima palokha, monga zokhala ndi chizindikiro cha Informed Sport, ndipo dokotala wa timu alembe nambala ya gulu la botololo n'kusunga. Ufa woti muli probiotic pamodzi ndi zopatsa mphamvu, wogulitsidwa pa WhatsApp wopanda dzina la kampani, musaulole kulowa mu kampu.

Kwa munthu wathanzi ma probiotic savulaza, koma si kwa aliyense. Ku Netherlands, kafukufuku wofalitsidwa mu 2008 pa odwala kapamba modetsa nkhawa anapeza kuti mwa opatsidwa probiotic anamwalira 16 pa 100, pamene mwa osapatsidwa anali 6. Munthu amene chitetezo chake chatsika kwambiri, kaya ndi HIV imene sinagonje ku mankhwala, kaya akulandira mankhwala a khansa, kaya wangochitidwa opaleshoni yaikulu, asamwe asanafunse dokotala. Ndipo probiotic asatichititse kuiwala matenda a kwathu. Wosewera amene watentha thupi ayezedwe malungo tsiku lomwelo ndipo asachite pulakatisi mpaka kutenthako kutatha. Wotsekula za magazi apite kuchipatala. Wa kunyanja amene akutopa msanga ayezedwe likodzo, njoka za m'mimba ndi kuchepa kwa magazi. Nawo ma antibiotic ogula pa okala pofuna kuchiza chimfine alekeke, chifukwa chimfine chimayamba ndi vairasi amene mankhwalawo samukhudza, koma amapha mabakiteriya abwino a m'matumbo, ndipo ena amatenga miyezi kuti abwerere. Dokotala akalemba ma antibiotic pa chifukwa chenicheni, apo probiotic monga Lactobacillus rhamnosus GG kapena yisiti yotchedwa Saccharomyces boulardii ali ndi umboni wabwino wochepetsa kutsekula m'mimba kobwera ndi mankhwalawo.

Pempho langa kwa makochi ndi madokotala ndi la kope ndi cholembera. Kuyambira sabata ya mawa, lembani tsiku lililonse wosewera amene walephera pulakatisi kapena wachita mochepa chifukwa cha matenda: dzina, tsiku, vuto lake, ndi kumene timu inali masiku atatu apitawo. Pa timu ya atsikana kopelo lisungidwe ndi mayi amene iwo angamasuke naye. Pakatha miyezi itatu mudzaona amene amadwala kawirikawiri, ndiponso ngati matenda amatsatira ulendo wina, malo ena ogona kapena wophika wina. Mudzapeza osewera awiri kapena atatu amene chimfine ndi m'mimba zimawabwerezabwereza ngakhale madzi, chakudya ndi tulo zili bwino. Amenewo ndi amene muyambe nawo probiotic wa dzina lodziwika kwa masabata 8 mpaka 12, mukulembabe m'kope lomwelo. Masiku odwala akachepa, pitirizani. Akapanda kuchepa, siyani, ndalamayo ipite ku chambiko ndi sopo.